Kupanga nyali yolendewera ya malata potengera madenga obulungira a matchalitchi ndi mizikiti

Nyali yolendewera pamwamba pa tebulo ili ndi ntchito ziwiri: kuwalitsa chakudya ndi nkhope za amene akhala pansi, komanso kubisa babu kuti lisawathobwe m'maso. Nyali zambiri zimakwanitsa yoyamba yokha. Amisiri omanga matchalitchi ndi mizikiti analimbana ndi vuto lofanana ndi ili zaka mazana ambiri magetsi asanabwere. Ankafuna kuti dzuwa lilowe mokwanira, koma munthu wopemphera asakhale akuphethiraphethira. Nchifukwa chake wopanga nyali wamasiku ano amapindula akayang'ana nyumba zimenezi.

Tigwirizane chimodzi tisanagwire sizasi. Sitikupanga katchalitchi kakang'ono ka malata kokhala ndi nsanja ndi chitseko. Kameneko kangakhale chidole, ndipo pakatha mwezi maso atopa nako. Chimene tikukatengako ndi njira imene kuwala kumalowera, ndi kukula kwa chigawo chilichonse pochiyerekeza ndi chinzake. Nyali tipange apa ndi ya mbali 8, masentimita 40 m'mimba mwake, yoyenera tebulo la anthu 4 mpaka 6.

Yambani ndi kukaona nyumba yeniyeni

Ngati muli ku Blantyre, pitani ku tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya CCAP. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott wa ku Scotland, munthu amene sanaphunzire zomangamanga, pamodzi ndi anthu a m'deralo amene anaphunzirira ntchitoyo pomwepo. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pamalopo, ndipo akuti zilipo za mitundu pafupifupi 81. Imani panja muone kuti nsanja ziwiri za kumaso sizifanana. Kenako lowani, mukhale pa benchi, mudikire kuti maso azolowere. Muone komwe kuwala kukuchokera, komwe kukugwera, ndi komwe kwasiyidwa mdima mwadala. Ngati mungathe, pitani m'mawa ndi kubwereranso madzulo, chifukwa khoma limene linali lowala m'mawa limakhala litazima pofika 4 koloko.

Muli kutali ndi Blantyre? Mzikiti wa denga lobulungira kapena tchalitchi chakale cha njerwa cha kwanuko chikuphunzitsani zomwezo. Pemphani chilolezo kwa m'busa, shehe kapena woyang'anira malo musanajambule. Musapite nthawi ya mapemphero. Ku mzikiti vulani nsapato ndipo valani modzilemekeza. Tengani pensulo ndi kope, chifukwa dzanja likamajambula, diso limaona zimene foni imangodumpha. Lembani zinthu zitatu: denga lobulungiralo ndi lalitali bwanji poyerekeza ndi mulifupi mwake, mazenera ali pati, ndipo khoma la pakati pa zenera ndi zenera ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi zenera lenilenilo.

Nyumba zitatu zimene nyaliyi yatengerako

Yoyamba ndi Hagia Sophia ya ku Istanbul ku Turkey, tchalitchi chodzasandutsidwa mzikiti, imene inamalizidwa mu 537 mu ulamuliro wa mfumu Justinian. Denga lake loyamba linagwa mu 558, ndipo limene linalowa m'malo mwake linatha mu 562. Ndi lalikulu mamita pafupifupi 31 m'mimba mwake, ndipo m'munsi mwake mwazungulira mazenera 40. Chinsinsi chili pamenepo. Kuwala kukamalowa m'mazenera oyandikana chonchi, tizipilala ta pakati pake timaoneka towonda kuposa mmene tilili, ndipo denga lolemera limaoneka ngati silikukhudza makoma. Procopius, wolemba mbiri wa nthawi ya Justinian, ananena kuti denga loyamba lija linkaoneka ngati lalendewera kuchokera kumwamba pa tcheni cha golide. Ife tiika mazenera 40 m'munsi mwa chipewa cha nyali yathu pa chifukwa chomwecho, kuti chitsulo chioneke chopepuka.

Yachiwiri ndi Pantheon ya ku Rome, kachisi wa m'zaka za m'ma 120 amene anasandutsidwa tchalitchi mu 609. Denga lake ndi la mamita 43 m'mimba, ndipo pamwamba penipeni pali bowo lotseguka la mamita pafupifupi 9. Pa nyali, bowo lotere limatulutsa kutentha ndipo limaponya kuwala pang'ono ku siling'i, kuti kumwamba kwa chipinda kusachite mdima wa bii.

Yachitatu ndi tchalitchi chachikulu cha ku Florence ku Italy, chimene denga lake anamanga Filippo Brunelleschi kuyambira 1420 mpaka 1436. Si lozungulira ndendende. Lili ndi mbali 8 zokumana pamwamba. Kwa ife nkhani yabwino ndi imeneyi, chifukwa lata losalala limapindika mosavuta mbali imodzi yokha. Kuti mupange chibulunga chenicheni pamafunika makina kapena masiku ambiri a nyundo, pomwe zidutswa 8 zopindika mbali imodzi mmisiri aliyense wokhoma zidebe ndi mbaula angazilumikize.

Jambulani chidutswa chimodzi, muchijambule bwino

Zidutswa zonse 8 ndi zofanana, ndiye mukalakwitsa pa chimodzi mwalakwitsa kasanu ndi katatu. Tengani katoni yolimba, mulembe mzere wowongoka wa masentimita 32 pakati pake. Masentimita 6 a m'munsi ndi lamba wa mazenera, ndipo mulifupi mwake ndi masentimita 16.6 kuyambira pansi mpaka pamwamba pa lambayo. Masentimita 26 otsalawo ndiwo denga. Agaweni m'magawo 5 a masentimita 5.2 lililonse. Pa chizindikiro choyamba kuchokera pa lamba, mulifupi mukhale 16.0, pa chachiwiri 14.3, pa chachitatu 11.7, pa chachinayi 8.3, ndipo pa chomaliza, kunsonga, 4.3. Muyeso uliwonse muugawe pakati, theka kumanja kwa mzere, theka kumanzere. Lumikizani madonthowo ndi mzere wokhota bwino. Kamtengo kowonda ka nsungwi kopindidwa motsatira madontho kamathandiza kuposa lula.

Miyeso imeneyi si yongoganizira. Imachokera pa bwalo la masentimita 20 kuchoka pakati kufika m'mphepete, ndipo tasiya nsonga yake isanatseke kuti pamwamba patsale bowo la masentimita 10. Nyali yonse italika masentimita 25. Mukafuna ya masentimita 60 m'mimba, chulukitsani muyeso uliwonse ndi 1.5.

Mbali imodzi ya chidutswacho wonjezerani sentimita 1 ya msoko, ndipo m'munsi wonjezerani sentimita 1 yopindira mkombero. Pa lamba lembani mazenera 5, lililonse la sentimita 1.5 mulifupi ndi masentimita 3.5 mulitali, lokhota pamwamba, ndi mpata wa sentimita 1.5 pakati pawo komanso kumapeto. Mukawonkhetsa mupeza masentimita 16.5, pafupifupi ndendende mulifupi mwa lambayo. Mazenera 5 pa mbali 8 ndi 40.

Musadule lata musanayese ndi katoni

Apa ndi pamene anthu ambiri amathamanga, ndipo ndi pamene ndikupemphani kuti mudekhe. Scott pomanga St Michael analibe mapulani atsatanetsatane. Ankayamba wasanja njerwa zouma popanda matope, n'kuona ngati chigawocho chikuima ndi kuoneka bwino, kenako n'kumanga zenizeni. Chitani chimodzimodzi. Dulani zidutswa 8 za katoni, mudule mazenera, muzimate ndi tepi, mupachike ndi chingwe pamalo enieni pamene nyali idzakhale. Dikirani kude. Lowetsani tochi ya foni kapena babu la LED lochajidwa kudzera pa bowo la pamwamba. Musalumikize katoni ku magetsi a m'nyumba, ndipo musaike kandulo.

Tsopano khalani pa mpando uliwonse wa tebulolo. Kodi babu likuoneka pansi pa mkombero? Ngati likuoneka, likwezeni m'kati mwa chipewa, kapena tsitsani nyali pang'ono, kapena talikitsani lamba afike masentimita 8. Imirirani pakhomo la chipinda muone ngati nyali yachepa kapena yakula. Kawirikawiri imakhala bwino ikakhala theka la mulifupi mwa tebulo kapena kupitirirako pang'ono. Yang'ananinso komwe kuwala kwa m'mazenera kukugwera. Popeza babu lili pamwamba pa lamba, kuwalako kumatsetsereka, n'kugwera pansi ndi m'munsi mwa makoma. Ngati mukufuna timadontho ta kuwala pamwamba pa khoma, boolani timabowo pa phewa la chipewa, cha pa chizindikiro chachitatu. Ine ndimakonda kusiya phewa losabowola. Denga likakhala lathunthu ndi lamdima, mzere wa mazenera umaoneka bwino, ndipo ndicho tinatengera ku Istanbul. Mabowo akachuluka paliponse, diso limasowa pogwira.

Katoniyi ikhale yopachikidwa masiku awiri kapena atatu, a m'nyumba anenepo maganizo awo. Kusintha katoni sikudya ndalama.

Kudula, kubowola ndi kulumikiza

Gulani lata losalala la geji 28, lija amapangira zidebe ndi magatala. Chidutswa cha masentimita 80 mbali zonse chikukwanirani. Mufunikanso sizasi ya malata, dirilo, tchizulo chaching'ono, tupa, maliveti a mamilimita 3.2 ndi chokhomera chake, waya wolimba wa mkombero, ndi magolovesi, chifukwa lata longodulidwa kumene limacheka ngati lumo. Ngati zida mulibe, tengani katoni yanu kwa mmisiri wa zidebe ku msika. Mukamupatsa chitsanzo chogwirika m'manja, amva msanga kuposa mutamuonetsa chithunzi pa foni. Mugwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo musamunyengerere ngati mukugula chidebe, chifukwa mazenera 40 ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Bowolani mazenera lata likadali lathyathyathya. Ikani chidutswa pa thabwa, mubowole bowo la mamilimita 15 kumtunda kwa zenera, ndilo likhale kukhota kwake, kenako mudule mbali ziwiri ndi m'munsi ndi tchizulo. Palani m'mphepete ndi tupa mpaka chala chizidutsa osakodwa. Mazenera onse akhale pa mzere umodzi. Limodzi likakwera ndi mamilimita 2 okha, masana simuona, koma usiku likayaka aliyense aliona.

Pindani chidutswa chilichonse pang'onopang'ono pa paipi yaikulu kapena pa chipika chozungulira, kuyambira pamwamba pa lamba kukafika kunsonga. Lamba akhale wowongoka. Msoko uja muucheke timano totalikirana masentimita 2 kapena 3 kuti utsatire kukhota, kenako muupinde pang'ono kuti ugone m'kati mwa chidutswa chotsatira. Lumikizani ziwiriziwiri, kenako zinayizinayi, pomaliza matheka awiriwo. Khomani liveti ya m'munsi ndi ya pamwamba poyamba, muone ngati zakhala bwino, ndiye mudzaze pakati. Mitu ya maliveti musaibise. Ikakhala pa mzere wolunjika ndi mipata yofanana, imaoneka ngati nthiti za dengalo, ndipo ndi zokongoletsa zokwanira.

Musalole munthu kuwotcherera lata lotere ndi makina a weledingi. Ndi lopyapyala, lingobooka, komanso zinki yokutira latalo ikapsa imatulutsa utsi umene umadwalitsa. Malizani ndi kupindira mkombero pa waya, monga amachitira pakamwa pa chidebe, kuti nyali isapotoke ndiponso isacheke wopukuta.

Pa bowo la pamwamba pingasani kachitsulo kathyathyathya kolimba, mukakhome ndi maliveti mbali zonse ziwiri. Pakati pake mubowole bowo logwira holda: mamilimita 28 ngati ndi holda ya B22, ya mababu a timapini, kapena mamilimita 40 ngati ndi E27, ya mababu opotokola. Ya B22 imasiya mpata waukulu woti mpweya wotentha uzituluka.

Penti

Penti sagwira bwino pa lata latsopano. Litsukeni ndi sopo kuti mafuta achoke, lipukuteni ndi viniga, litsukuluzeni, liume, kenako mupake penti woyamba wopangidwira malata a zinki. M'kati pakani woyera wosanyezimira ngati mukufuna kuwala kochuluka, kapena wachikasu chagolide ngati mukufuna kuwala kofunda, monga kuja kumabwerera kuchokera pa timiyala tagolide ta m'matchalitchi a Byzantium, monga Hagia Sophia. Wonyezimira kwambiri amaonetsa babu ngati galasi, n'kubweretsanso kuthobwa kumene tikuthawa. Kunja pakani mtundu umodzi wokha: wakuda, wofiira ngati njerwa, kapena wobiriwira moderako.

Zimene sitiika pa nyali

M'zaka za m'ma 1300 ku Cairo amisiri ankapanga nyali zagalasi za m'mizikiti, zolembedwa ndi utoto wowotcheredwa, zolendewera pa matcheni. Zambiri zotchuka zinapangidwira mzikiti wa Sultan Hasan, umene unamangidwa kuyambira 1356 mpaka 1363, ndipo pakhosi pake pankalembedwa ndime ya Kuwala ya m'Qur'an, sura 24 ndime 35. Ndi zokongola, ndipo munthu amakopeka kukopera zilembozo. Musatero. Mawu amenewo ndi opatulika kwa Asilamu, ndipo sayenera kulendewera mu bala, m'khitchini kapena pafupi ndi chimbudzi, ngakhale wopachikayo asakudziwa kuwawerenga. N'chimodzimodzinso mtanda kapena nkhope ya woyera mtima pa nyali ya malo omwera mowa. Kukhota kwa zenera, mbali 8, denga lobulungira ndi nzeru za amisiri, aliyense angaphunzireko. Mawu ndi zizindikiro za chikhulupiriro zili ndi eni ake. Ngati mpingo kapena mzikiti wakupatsani ntchito yopanga nyali zawo, atsogoleri awo ndiwo anene choikapo.

Magetsi ndi kupachika

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo chipewa chachitsulo chikakhudzana ndi waya wamoto chimapha. Chigawo ichi muitanire mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'Malawi, komabe mudziwe zoti muyang'ane. Waya wolendewera akhale wa nthambo zitatu, wa 0.75 mm²: yabulauni ndi ya moto, yabuluu ndi nyutro, yobiriwira ndi chikasu ndi ethi. M'nyumba zakale mupeza yofiira, yakuda ndi yobiriwira. Ethi imangidwe ndi bawuti pa kachitsulo kopingasa kaja, pamalo opalidwa penti, kuti ikhudze chitsulo chenicheni. Ngati pa siling'i palibe ethi, imeneyo ikonzedwe kaye. Paliponse pamene waya akudutsa pa lata pakhale kamphira koteteza. Ntchito isanayambe, zimitsani pa bokosi lalikulu la magetsi, osati pa switchi ya pakhoma yokha.

Nyaliyi imalemera kilogalamu 1 ndi theka kapena kucheperapo. Waya wa 0.75 mm² amaloledwa kunyamula mpaka makilogalamu 3, koma ine ndimati kulemera konse kukhale pa tcheni, waya azingotsatira momasuka. Mangani timatcheni 4 pa misoko, kudumpha umodzi umodzi, tikumane pa mphete masentimita 30 pamwamba pa chipewa, ndipo kuchokera pamenepo tcheni chimodzi chikwere. Werengani mfundo za timatchenito kuti zifanane, apo ayi nyali ipendekera. Ngowe ilowe mu mtanda wa denga. Bodi ya siling'i payokha singagwire.

Mkombero ukhale masentimita 70 mpaka 85 pamwamba pa tebulo, malinga ndi zimene katoni inakuuzani. Pamalo podutsa anthu usatsike kuposa mamita 2.1 kuchokera pansi. Ambiri amapachika m'mwamba kwambiri poopa kugunda mutu, koma pamwamba pa tebulo palibe amene amadutsa. Mukaona zithunzi za mzikiti wa Süleymaniye ku Istanbul, umene mmisiri Sinan anamaliza mu 1557, muona kuti denga lili kutali m'mwamba koma mikombero ya nyali yatsika mpaka pafupi ndi mitu ya anthu. Nyali za mafuta sizinkawala patali ndipo zinkafuna kuthiridwa mafuta pafupipafupi, ndiye anazitsitsa. Zotsatira zake, m'nyumba yaikulu chonchija munthu amamva kuti ali pamalo ake. Nyali yotsika imachita zomwezo pa tebulo la banja.

Babu likhale la LED la mawati 7 mpaka 9, lowala pafupifupi ngati babu lakale la mawati 60. Pa paketi yang'anani 2700K kapena 3000K, manambala osonyeza kuwala kofunda. Mababu a 6500K, amene ndi ochuluka m'mashopu, amayera mopendekera ku buluu, ndipo m'chipewa chotere amazimitsa kufunda konse kwa penti wa m'kati. Babu loyera ngati mkaka limapereka kuwala kofewa, pomwe la galasi loonekera limajambula mazenera aja pakhoma momveka bwino koma limathobwa mukaliona. Pa tebulo lodyera sankhani loyamba. Mababu ochajidwa aja othandiza magetsi akazima amakhala aatali ndi olemera, ndiye yesani kaye ngati sakutulukira pansi pa lamba. Ngati nyumba yanu ndi ya sola ya mavoti 12, chipewa ndi chomwecho, mungosintha babu ndi kalumikizidwe.

Pansi pa nyali musatseke ndi galasi kapena pulasitiki. Nyengo ya mvula ngumbi ndi tizilombo tina timathamangira kuwala, ndipo pansi pakatsekedwa timaunjikana pomwepo mpaka kuwala kumachepa. Kamodzi pa mwezi zimitsani, dikirani babu lizizire, mupukute m'kati ndi kansalu kouma, ndipo m'mazenera mudutsitse burashi yaing'ono ya penti. Ngati muli m'mbali mwa nyanja kapena kumalo a chinyezi, yang'anani m'mphepete mwa mazenera ndi pa maliveti, chifukwa dzimbiri limayambira pamene zinki inadulidwa. Mukaona kadontho kofiira, palani ndi sandipepa, mupakenso penti woyamba uja musanabwezere wa pamwamba.